Makutu a Kumzere Womaliza

9 Febuluwale

Amake ana,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa ana, ndi mawondo a amayi. Ine kuno ndadzuka, kupatula chimfine chomwe chakana kusamuka ngati mlendo wopanda manyazi. Ndalemba kalata chifukwa pafoni timangofunsana kuti mwadzuka bwanji, mayunitsi n'kutha nkhani isanayambe.

Khalani pansi, mwamuna wanu wakwezedwa pantchito. Malipiro ndi omwe aja, musayambe kuyeza makatani atsopano. Galimoto ndikuyendetsabe, koma abwana andiwonjezera ntchito ya makutu. Paja abwanawa amaimba vayolini, kabokosi ka zingwe zinayi komwe amakapana ndi chibwano n'kumakakwecha ndi uta. Ayenda nako m'maholo zaka makumi anayi, ndipo zaka makumi atatu mwa zimenezo akuimba ndi mayi mmodzi yemweyo wa piyano. Awiri okha pansanja, popanda ng'oma, popanda wovina, anthu chikwi ali duu ngati pamaliro, atalipiranso kuti akhale chete choncho.

Vuto lake ndi ili. Piyano ndi yaikulu kuposa bedi lathu, vayolini ndi kakhanda. Piyano ikakweza pang'ono imaimeza inzakeyo. Abwana sangadziwe okha, chifukwa vayolini ili pansi pa khutu lawo, kwa iwo imalira mokweza nthawi zonse. Ndiye masana, holo isanalowe anthu, amayeserera, ndipo pamafunika munthu akakhale pampando womaliza, kumwamba kwenikweni kwa holoyo. Vayolini ikasowa, akweze dzanja.

Ndinati, “Bwana, ine ndi wa galimoto. Ngakhale kwaya inandibweza.”

Iwo anati, “N'chifukwa chake. Ophunzira anga amandiopa, wa piyano amandikonda, wokonza maulendo amadyera pa ine. Iwe sudziwa kanthu, supindulanso kanthu. Ukamva wamva, ukapanda kumva sunamve.”

Tsopano akunditcha Makutu. Muwauze achemwali anu aja ankati sindimva zonena anthu.

Za pepala langa londilola kugwira ntchito m'dziko la eni lino: likutha pa 31 Julayi. Abwana akasayina kuti ndikupitiriza, ndipatsidwa lina, ndipo limenelo ndi lololeza kutuluka ndi kubwereranso. Ndiye kuti patatha zaka zinayi ndibwera, ndidzamunyamule mzime wathu yemwe ndimangomudziwa pachithunzi. Musamuuze kaye, mwana sadziwa kudikira.

Ndatumiza kangachepe. Muyambe ndi chitseko cha kubafa chisanagwere munthu.

Ine mwamuna wanu.

4 Malichi

Amake ana,

Ndikhulupirira nonse mwagona bwino. Kalata yanu ndaiwerenga katatu, kachitatuko mokweza, kuti m'chipinda muno mumvekeko chilankhulo cha kwathu. Chimfine chapita.

Tayenda mizinda itatu. Tsiku loyamba kukweza dzanja linalemera ngati thumba la simenti. Munthu wotchuka, zithunzi zake zili pazipupa za mzinda wonse, ndimuimitse ine? Koma ndinakweza. Abwana anasiya pomwepo n'kufuula kuti, “Pati, Makutu?” Ndinati, “Paja piyano ikuthamanga ngati mvula pamalata, bwana.” Amayi a piyano anaseka, anatsegula masamba a buku lawo la nyimbo mpaka anapapeza, n'kulembapo ndi pensulo. Piyano ili ndi chivundikiro chomwe amachichirikiza ndi kamtengo, ndipo timitengoto tilipo tiwiri, katali ndi kakafupi. Anaika kakafupi. Atabwereza ndinamva zonse, ngakhale mpweya wa abwana. Pobwerera abwana anandigwira paphewa m'galimoto n'kunena kuti anthu a mipando yotsika mtengo ndi omwe amabweradi kudzamva.

Nyimbo zawozi zilibe mawu. Iliyonse ndi yaitali, ya magawo atatu kapena anayi. Poyamba ndinkalimbana ndi tulo, ndisakunamizeni. Koma pali gawo lina lapang'onopang'ono lomwe piyano imafunsa, vayolini n'kuyankha mochedwa, monga makalata athuwa. Likafika ndimakusowani kwambiri, ndipo mwayi wake kumwambako kulibe wondiona nkhope.

Munafunsa za kumene ndimagona. Ndi kuseri kwa galaja: bedi, ketulo, mpando umodzi, ndi zenera loyang'ana khoma la eni nyumba yoyandikana. Lamlungu lapitali ndinazindikira dzuwa likulowa kuti tsiku lonse sindinatsegule pakamwa, kupatula potsuka mano.

Zinthu kuno zakwera. Zingwe zinayi za vayolini mtengo wake ndi wa mbuzi ndi mwana wake, ndipo amasintha zisanaduke n'komwe. Ndinapempha zakale kuti mwina mungayanikirepo zovala, akuti n'zazifupi.

Fomu ya pepala lija ndawapatsa lero. Aiika m'dilowa ya tebulo lawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Alamu anu akabweranso kudzabwereka njinga, muwauze kuti yapita kumaliro.

Ine mwamuna wanu.

29 Malichi

Amake ana,

Moni kwa inu, kwa ana ndi kwa amayi. Ndakondwa kumva kuti makina anu osokera akonzeka ndiponso kuti wamkulu wakhoza bwino mayeso. Nzeru anatengera inu, kutalika ine. Thupi langa lili bwino.

Amene sali bwino ndi abwana. Phewa la kumanja, lomwe limakoka uta, likuwavuta. Ndawaperekeza kwa dokotala kawiri. Akatuluka amati palibe kanthu, koma jekete ndimawaveka ndine. Zala za kumanzere zikuthamangabe ngati za mnyamata, koma uta sukukanikiza, ndiye mawu akutuluka owonda. Sabata yatha m'holo ina ndinakweza dzanja kasanu ndi kanayi m'nyimbo imodzi. Amayi a piyano anatsitsa, anatsitsanso, mpaka pensulo yawo inasowa polemba. Abwana ananenabe kuti zikomo Makutu, koma zikomo wake anali wamfupi.

Dzulo ndinanyamula wokonza maulendo uja. Ine ndimawatcha a Mafoni, chifukwa amayenda ndi mafoni awiri, ina kukhutu ina m'manja. Koma dzulo onse awiri anali m'thumba.

Anati, “Pepala lako limati ndiwe ndani?”

Ndinati, “Dalaivala, bwana.”

“Dalaivala wa woimba woyendayenda. Woimbayo akasiya kuyenda, dalaivala ndi wa chiyani? Andiuza kuti akuganiza zosiya. Akuti Makutu sakundimva. Pa 14 Juni tili ndi holo yaikulu ya mumzinda uno, kwawo kwenikweni, matikiti anatha kale. Pambuyo pake pali chaka china cha maulendo. Dzanja lakolo liphunzire ulemu.”

Ndinangoyang'ana msewu. Anatsikira pa banki, ine ndinakhala m'galimoto kanthawi injini ikulira.

Musadere nkhawa, ndangokuuzani poti ndilibe wina womuuza. Mukudziwa kuti pepala likatha popanda lina, ndikatuluka sindibwereranso, ndikakhala ndizibisala. Ndikuganizabe.

Amayi muwagulire mankhwala opaka aja, osati a pamsika, a kusitolo ya mankhwala. Ndatumiza.

Ine mwamuna wanu.

20 Epulo

Amake ana,

Ndili moyo, kaya inu kumeneko. Pepani ndachedwa kuyankha, maulendo anachuluka.

Ndiye mwati wamkulu waulula, mzime wadziwa kuti bambo ake akubwera? Ndinadziwa, mwana ameneyo pakamwa pake ndi pa azakhali ake. Mumuyankhe mzimeyo kuti inde, ndevu ndili nazo, koma akaziopa ndimeta. Chithunzi chomwe wajambula ndachimata pakhoma. Wandipatsa miyendo itatu, koma palibe kanthu.

Mwafunsa za ntchito ya makutu. Ikuyenda. Masiku ano dzanja langa likupuma, likungokhala pabondo. Abwana akondwa kwambiri, akudya bwino, akuimba mluzu pokwera masitepe. Akuti mankhwala a dokotala agwira ntchito, umboni wake ndi Makutu. Andigulira jekete labwino lakuda. Likundikwana, koma likundiyabwa m'khosi.

A Mafoni tsopano amandipatsa moni. Amayi a piyano ndi omwe asiya kuseka nane. Akamaliza kuyeserera amavula magalasi n'kuyang'ana kumwamba komwe ndakhala, nthawi yaitali, ngati munthu woyembekezera basi.

Za fomu ija sindinawakumbutse. Munthu akadwala phewa sumamulondola ndi cholembera, angati ndikuwawerengera masiku. Nthawi ilipo.

Denga la kukhitchini lidikire ine. Wa matabwa uja musamupatse ntchito, amayeza ndi maso.

Ine mwamuna wanu.

17 Meyi

Amake ana,

Moni. Ndamva za chifuwa cha amayi, ndayamika kuti munathamangira nawo kuchipatala. Ine ndilipo, kungoti chakudya sichikulowa bwino.

Mwalemba kuti kalata yanga yapitayi inali ngati ya munthu wina. Inu mumandidziwa mopitirira muyeso, n'chifukwa chake ndinakukwatirani, n'chifukwa chakenso ndimakuopani.

Lachinayi amayi a piyano anandipeza pamasitepe a kuseri kwa holo, ndikutsika kuchokera kumpando wanga. Anakhala pansi pomwepo, mayi wamkulu, chikwama cha mabuku pamiyendo.

Anati, “Bambo, kumwambako mukuwamva?”

Ndinati, “Pang'ono ndi pang'ono, mayi.”

“Ine ndili pafupi nawo chonchi, ndipo ndikudziwa kuti sakufika. Chivundikiro ndatseka. Ndikuimba ngati ndikuyenda m'chipinda cha wodwala. Pansi pa apa palibenso piyano.”

“Bwanji osawauza inu?”

“Ndinawauzapo kanthu kakang'ono zaka khumi zapitazo. Anakhala chaka osandilankhula, tikuimba limodzi, moni akudzera kwa wokonza maulendo. Ine ndikanena amati ndatopa nawo. Inu mukanena amakhulupirira. Ndinu nokha.”

Ndinawauza za pepala, za inu, za mwana yemwe sindinamunyamulepo. Sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anangoti, “Ndiye tonse tili ndi zifukwa,” n'kudzuka.

Amake ana, paja amati wakutsina khutu ndi mnansi. Koma mnansi wanga weniweni ndi uti, wa kuno kapena wa kumeneko? Munthuyu sanandilakwirepo. Nditadwala chaka chatha anandibweretsera yekha madzi otentha kuseri kwa galaja. Ndikufuna kumuuza. M'mawa uliwonse ndimakonza mawu potsuka galimoto, koma ndikalowa m'nyumba n'kuwaona akupaka utomoni pa uta wawo mosangalala, ndimangofunsa kuti tinyamuka nthawi yanji.

Kwatsala milungu inayi. Ikadutsa holo yaikuluyo ndiwauza, ndalumbira. Musandiyankhe pankhaniyi, ndikudziwa kale chomwe munganene.

Yunifolomu ya wamkulu musokereni yokulirapo, mwana ameneyo akukula ngati bango.

Ine mwamuna wanu.

13 Juni

Amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ndalemba mwachidule, ndili m'galimoto kudikira abwana.

Lero tayeserera m'holo yaikulu. Mpando womaliza uli kutali moti abwana amaoneka ngati chala changa chaching'ono. Anaimba nyimbo zonse zitatu. Atamaliza gawo lapang'onopang'ono lija anabwera kumapeto kwa nsanja, anatchinga maso ndi dzanja, n'kufuula.

“Makutu! Holo iyi ndi yaikulu. Ndiuze zoona. Ndikufika?”

Amayi a piyano anaweramira pansi. A Mafoni anali pakhomo.

Ndinaimirira ndinati, “Mukufika, bwana.”

Holo yopanda anthu imathandiza mawu. Mawa idzadzaza, ndipo zovala za anthu zimamwa mawu ngati thonje. Zimenezi anandiphunzitsa ndi iwo omwe.

Akuimba mawa masana. Mutikumbukire tonse awiri.

Ine mwamuna wanu.

5 Julayi

Amake ana,

Moni kwa inu, kwa ana, kwa amayi. Makalata anu awiri ndinalandira, mafoni anunso ndinkawaona akulira. Sindikudwala. Ndinalibe nkhope yoyankhira.

Ndiyambe ndi zomwe mukudikira. Pepala latuluka. Ndinyamuka pa 2 Ogasiti, ndifika pa 4 chakumasana, ndikhala mwezi wathunthu. Mumuuze mzime. Tsopano mverani mtengo wake.

Tsiku lija abwana anali atandisungira tikiti ya mpando wanga womwe uja. Pambali panga panakhala bambo wina wokalamba, wa taye yakale, wokhala ndi kamakina kothandiza kumva m'khutu. Anandiuza kuti anawamva abwana koyamba ali mnyamata, ndipo wayenda maola asanu pasitima kuti awamvenso asanafe.

Atayamba, ndinkaona uta ukukwera, ukutsika, thupi lonse la abwana likugwira ntchito, koma kumwambako kunkangofika kaulusi ka mawu. Pomwe piyano inayenera kulira, amayi aja ankangoisisita, ndiye nayonso inasowa. Pa gawo lapang'onopang'ono piyano inafunsa, yankho silinabwere. Bambo wokalamba uja anachotsa kamakina kake, anakagogoda pachikhatho, anakabwezera. Anakachotsanso. Kenako anandinong'oneza kuti, “Pepani, ndi ine kapena?” Ndinayang'ana kunsanja. Anthu anayamba kutsokomola, mipando kulira. Itatha nthawi yopuma, theka la mizere yakumwamba linali lopanda anthu, ndipo kuchokera pansanja mipando yopanda anthu imaoneka bwino lomwe. Abwana anaiona. Anamaliza nyimbo yomaliza ataima chilili ngati msilikali, osayang'ananso kumwamba.

Nyuzipepala inalemba kuti mzinda unapita kukaona mwana wake akuimba, poti kumumva sunamumve. A Mafoni anaibisa, koma abwana anatuluka okha wapansi kukagula ina. Maulendo onse a chaka chamawa awafafaniza. Vayolini ili m'bokosi mwake pamwamba pa kabati. M'nyumba muno, momwe munkalira nyimbo kuyambira m'mawa, tsopano mumangomveka firiji.

Abwana anakhala milungu iwiri osandiitana. Lolemba lapitali anandiitanira m'chipinda chawo cha mabuku. Sananditche Makutu.

“Dalaivala, unayamba liti kusandimva?”

“Kumapeto kwa Malichi, bwana.”

“Miyezi itatu. Chifukwa?”

Ndinawauza zonse, za a Mafoni, za pepala, za mzime. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anatsegula dilowa ndi dzanja lamanzere n'kundipatsa fomu ija. Inali yosayina kale. Tsiku lolembedwapo linali 5 Malichi, mawa lake la tsiku lomwe ndinawapatsa. Pamzere wa ntchito anafafaniza mawu akuti wa maulendo n'kulembapo kuti dalaivala wa pakhomo.

Anati, “Phewali ndinkalidziwa. Ndinafuna kuti ngakhale ndisiye, iwe usavutike. Ndinaiwala kukupatsa, iwenso sunafunse.”

Ndinayang'ana fomuyo, iwo anapitiriza.

“Ukanakweza dzanja, ndikanasiyira m'kaholo kakang'ono, anthu akuombabe m'manja. Zaka makumi anayi, ndipo chomwe akumbukire ndi cha Lamlungu lija. Koma kulakwa ndi kwanga. Ndinati supindula kanthu. Ndinaiwala kuti nawenso uli ndi kwanu.”

Ndinagwada, amake ana, ine amene sindinagwadirepo bwana aliyense. Anati dzuka, tenga pepala lako ukapereke lisanachedwe. Sanandichotse ntchito, sanandidule malipiro. Amandipatsa moni m'mawa mwaulemu, monga amachitira ndi wobweretsa makalata. Amayi a piyano amabwera Lachitatu lililonse, amamwa tiyi awiriwo, piyano ili chitsekere.

Ndapeza chomwe ndinkafuna, ndipo ndili ndi manyazi omwe sindinakhalepo nawo. Ndikudza kudzamunyamula mwana wanga ndi manja omwewa. Musakonze zambiri, musaitane anthu. Ana asadziwe, koma inu ndinafuna mudziwe ndisanafike, kuti mukadzandiona ndili chete musadzaganize kuti sindinakondwe kukuonani.

Dzulo ndinawasonyeza tikiti ya basi. Ndinati, “Bwana, mwezi wonsewo ndikachoka, adzakuyendetsani ndani? Ndikupezereni mnzanga wodalirika?”

Anali pawindo, akusisita phewa. Sanatembenuke.

Anati, “Kupita kuti?”

Ine mwamuna wanu.